Kufesa Maluwa a M'tchire Kuti Njuchi ndi Zinziri Zibwerere: Mmene Timachitira Kuno ku Iowa

Mwanapiye wa zinziri ya kuno ku America, imene amaitcha bobwhite, akamatuluka m'dzira amakhala ngati chala chachikulu cha m'manja, kulemera kwake magalamu 6 basi. Tsiku lomwelo amayamba kulondola make kukasaka chakudya, ndipo masabata oyambirira sadalira njere ayi, amadya tizilombo: timbozi, tiziwala, tikafadala ndi akangaude. Anapiye a pheasant, mbalame ya mchira wautali yoposa nkhwali kukula, nawonso ndi chimodzimodzi. Ndiye ngati muli ndi kamalo kuseri kwa nyumba, kapena maekala angapo amene mukufuna kuwabwezera ku tchire, gwadani, ikani tsaya pafupi ndi dothi, muone malowo ndi maso a kamwanapiyeko. Kodi kangadutse pamenepo? Pali chodya? Nanga pamwamba pali masamba okabisa kwa kabawi? Mbewu zimene mugule ziyankhe mafunso atatu amenewa. Zikatero, njuchi nazonso zapeza kwawo, poti maluwa oitana njuchi ndi omwewo amene amadzaza pansi ndi tizilombo timene anapiye amatola.

Mbali yaikulu ya Iowa, dera la ku America kumene tikukhala, kale inali chigwa cha udzu wautali ndi maluwa, chimene amachitcha prairie. Lero chatsala n'chochepera pa gawo limodzi mwa magawo 1,000. Kwinako ndi chimanga ndi soya mpaka pamene maso alekezera. N'chifukwa chake tchire la kuno silingadzibwerere lokha monga mmene tsala limachitira kwathu munda ukagonekedwa. Mbewu zake zinatha m'dothi. Ukausiya munda, chimamera ndi udzu wobwera ndi zomera zina zosafunika. Tchire la kuno timachita kufesa.

Musanagule kanthu, kaoneni chimene mukufuna kutsanzira. Neal Smith National Wildlife Refuge, pafupi ndi Prairie City kum'mawa kwa Des Moines, ndi minda yakale ya chimanga imene anaibwezera ku tchire pofesa, ndipo lero muli njati za kuno. Hayden Prairie, kumpoto chakum'mawa, ndi kachigawo kamene khasu silinakhudzeko. Pitani mu Julaye, ndipo mupitenso mu Sepitembala, mudzapeza maluwa ena osati aja munaona poyamba.

Choyamba: iphani udzu umene ulipo

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa, ndipo nanenso ndinagwa pomwepa. Chaka changa choyamba ndinangotchetcha, n'kukandakanda dothi, n'kuwaza mbewu pa theka la ekala. Pofika Juni udzu wa smooth brome unali utabwerera wonse, wothithikana ngati mkeka, ndipo pa mbewu zonse zija ndinaona maluwa osakwana manja awiri. Ndalama ndi chaka chathunthu zinapita.

Brome ndi reed canary grass ndi maudzu amene amayanga ndi mizu pansi ngati kapinga. Amadzuka msanga mu Epulo, mbewu zanu zisanaganize n'komwe zomera, ndipo amatseka dothi lonse moti mwanapiye sangapeze popondera. Akapanda kufa mpaka kumizu, chilichonse chimene mungachite pambuyo pake n'kutaya nthawi.

Njira imadalira malo anu. Ngati ndi munda umene munali soya chaka chatha, mwachita mwayi: dothi ndi loyera, lolimba bwino, ndipo mutha kufesa pazitsotso pomwepo osalima. Funsani kokha amene ankalimayo mankhwala amene anapopera, chifukwa ena monga atrazine amatsalira m'nthaka n'kupha timbande ta maluwa. Ngati ndi malo a udzu, tchetchani kumapeto kwa Ogasiti, dikirani uphukirenso mpaka utalike ngati chikhatho ndi theka, ndiye poperani mankhwala ophera udzu a glyphosate udzuwo uli wobiriwira ndipo ukukula. Bwerezani mu Meyi, ndipo ngati ukuonekabe, bwerezaninso. Alimi ambiri kuno amayamba adzalapo soya chaka chimodzi kapena ziwiri kuti malowo ayere. Kwa amene safuna mankhwala, ndipo malo ndi ochepa, yalani lona wakuda kapena makatoni okhuthala, tsinjirani ndi miyala m'mbali, musiye kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Zimatheka, koma osavundukula msanga.

Kulima mozama ndi makina sindikulimbikitsa. Ukatembenuza dothi umadzutsa njere za zomera zosafunika zimene zinagona pansi zaka zambiri, ndiponso dothi limawolowa kwambiri moti mbewu zazing'ono zimamira. Dothi loyenera ndi limene mukapondapo nsapato imangosiya chidindo chosazama kuposa sentimita imodzi. Feteleza ndi manyowa musathire. Zimene zingasangalale nazo ndi zomera zosafunika zija, osati maluwa anu.

Chachiwiri: sankhani mbewu

M'masitolo akuluakulu mumapezeka zitini zokongola zojambulidwa maluwa amitundumitundu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zambiri mwa izo ndi maluwa a chaka chimodzi ochokera ku Ulaya kapena kwina, amene amawala miyezi itatu n'kuzimirira, ndipo theka la chitinicho ndi zongodzazira. Mbewu zenizeni zigulidwe kwa ogulitsa mbewu za prairie, amene amalemba dzina la chomera chilichonse ndi kuchuluka kwake. Funsani kumene mbewuzo zinachokera. Udzu wa little bluestem wa ku Texas ndi wa ku Iowa ali ndi dzina limodzi, koma nthawi yochita maluwa ndi kupirira chisanu n'zosiyana. Kuno ku Iowa thumba la mbewu zotsimikizika kuti makolo ake ndi a konkuno limakhala ndi chikalata chachikasu.

Maluwa muwasankhe potsata kalendala. Ku America kuli mitundu ya njuchi zachilengedwe pafupifupi 4,000, ndipo zambiri sizikhala mumng'oma. Pafupifupi 70 pa 100 iliyonse zimakumba timauna m'dothi, zina zimagona m'mapesi. Njuchi ya uchi imene timaidziwa inachita kubwera ndi azungu. Mfumukazi ya bumblebee, njuchi yaikulu yaubweya, imadzuka yokha nyengo yozizira ikatha ili ndi njala, ndipo ana ake omaliza amafunika chakudya mpaka Okutobala. Mwezi umodzi wopanda duwa ndi njala yokwanira kuthetsa banja lonse. Mtundu umodzi, rusty patched bumble bee, unalowa m'kaundula wa boma wa zamoyo zimene zili pafupi kutha mu 2017.

Za Meyi ndi Juni, ikani golden alexanders, Ohio spiderwort ndi foxglove beardtongue. Maluwa oyambirirawa ndi amene amasowa m'matumba otchipa, choncho werengani bwino. Za pakati pa chilimwe cha kuno n'zambiri: pale purple coneflower, wild bergamot, gray-headed coneflower, black-eyed Susan, purple prairie clover, rattlesnake master. Za Ogasiti mpaka Okutobala, stiff goldenrod, rough blazing star, New England aster ndi smooth blue aster. Milkweed musamuiwale, kaya common milkweed, butterfly milkweed pouma, kapena swamp milkweed ponyowa. Mbozi za gulugufe wa monarch sizidya china chilichonse koma masamba ake, ndipo agulugufe obadwa kumapeto kwa Ogasiti ndi amene amauluka mpaka ku mapiri a Michoacán ku Mexico kukathawa chisanu. Ma aster ndi ma blazing star ndiwo kamba wawo wa paulendo.

Pali chomera chimodzi chimene ndimachiikira kumbuyo nthawi zonse: partridge pea. Ndi cha banja la nyemba, chimamera chaka choyamba chomwecho, masamba ake amayala denga pamwamba koma pansi pamakhala poyera, ndipo pa timapesi ta masamba ake pamatuluka timadzi totsekemera timene timaitana nyerere ndi tizilombo tina. Mwanapiye amayenda pansi pake ngati mumsika wofoleredwa. Ikafika nthawi yozizira, njere zake ndi chakudya cha zinziri zazikulu. Illinois bundleflower amagwira ntchito yofanana. Maximilian sunflower ndi wabwino koma ndi wadyera, muikemo pang'ono kwambiri.

Udzu nawo ukufunika, poti thadzi la pheasant kapena la zinziri limaikira mazira patsinde pa chiputu cha udzu wa chaka chatha, komanso popanda udzu moto sungayende. Koma sankhani udzu womera m'ziputuziputu, wosiya tinjira pakati: little bluestem, sideoats grama, prairie dropseed, ndi Canada wild rye pang'ono chifukwa amafulumira. Big bluestem, Indiangrass ndi switchgrass ndi ataliatali ngati tsekera, ndipo mukawachulutsa, pofika chaka chachisanu ndi chimodzi amakhala atameza maluwa onse. Switchgrass ndi wothandiza mbalame kubisala chipale chofewa chikagwa, chifukwa sagwa pansi. Ngati mukumufuna, mupatseni chigawo chakechake m'mphepete.

Ndondomeko ya boma yotchedwa Conservation Reserve Program, imene inayamba mu 1985, imalipira alimi kuti agoneke minda kwa zaka 10 mpaka 15. Gawo lake la njuchi, CP42, limafuna mitundu ya maluwa yosachepera 9, itatu pa nyengo iliyonse mwa nyengo zitatu, ndipo udzu usapitirire 25 pa 100 iliyonse ya mbewu. Ngakhale simuli m'ndondomekoyi, muyeso umenewu ndi poyambira pabwino, koma 9 ndi chiwerengero chongoyambira. Ine sindifesa mitundu yochepera 25, chifukwa simudziwiratu imene ikonde dothi lanu. Ngati munda wanu ungalowe m'ndondomekoyi, pitani ku ofesi ya Farm Service Agency ya m'dera lanu musanagule mbewu, osati mutagula kale. Bungwe la Pheasants Forever, limene linayamba mu 1982 ku Saint Paul, Minnesota, lili ndi alangizi amene amathandiza kusakaniza mbewu, ndipo Tallgrass Prairie Center ya pa University of Northern Iowa ku Cedar Falls ili ndi malangizo olembedwa a ntchito yonseyi.

Chachitatu: werengani chikalata cha pathumba

Mbewu izi sizigulidwa pongoyeza kulemera kwa thumba. Zina zimadza ndi mankhusu ndi ubweya wambiri, zina ndi mphwepwa. Mawu oti muwafunefune ndi PLS, kutanthauza mbewu zoyera zamoyo. Ngati pachikalata alemba kuti mbewu zenizeni ndi 80 pa 100, ndipo zamoyo mwa izo ndi 75 pa 100, chulukitsani ziwirizo: mupeza 60. Ndiye kuti pa makilogalamu 10, amene angamere ndi 6 okha. Lipirani potengera 6 ameneyo.

Kuchuluka kofesa timawerenga njere, osati makilogalamu, chifukwa njere ya compass plant ndi yaikulu ngati ya mpendadzuwa pomwe ina ndi fumbi lenileni. Muyeso wodziwika kuno ndi njere 40 pa kamalo ka phazi limodzi m'litali ndi m'lifupi, zomwe ndi pafupifupi 430 pa sikweya mita. Pa ekala yonse zimangokwana makilogalamu ochepa. Tsiku limene thumba lanu lidzafike mudzadabwa kuchepa kwake poyerekeza ndi mtengo wake.

Onaninso mzere wa njere za zomera zosafunika. Mu 2016 chomera chotchedwa Palmer amaranth chinalowa m'minda yambiri ya ku Iowa ndi Minnesota kudzera m'mbewu zoterezi zosayeretsedwa bwino. Ndi mbale wake wa bonongwe, ndipo nditachiona koyamba mtima unapita ku ndiwo za kumudzi. Koma kuno ndi mdani woopsa wa alimi a soya: chimatalika kuposa munthu, chimabala njere zosawerengeka, ndipo mankhwala ambiri sachipha. Funsani wogulitsa ngati mbewu zake zinapimidwa za chomerachi. Mukachilowetsa m'dera, anansi anu sadzakuiwalani. Chimodzimodzinso, musatenge mbewu za kuno kupita nazo kumudzi ngati mphatso. Deliya amene wadzaza m'misewu ya kwathu kwawo ndi ku Mexico ndi mayiko oyandikana nawo, ndipo lantana nayenso anabwera ngati duwa lokongoletsa.

Chachinayi: fesani

Ife tinazolowera kudikira mvula yoyamba. Kuno nthawi yabwino ya maluwa ndi pamene kukuzizira, kuyambira pakati pa Novembala, dothi litazizira pansi pa madigiri 10 a Celsius, mpaka Malichi. Njere zambiri za maluwa a prairie sizimera pokhapokha zitagona m'chinyezi chozizira mwezi umodzi kapena iwiri. Mukafesa mu Meyi kapena Juni, udzu ndi umene umapindula, ndipo maluwa ena amadikira chaka chinacho.

Kufesa kumene ndimakukonda ndi kwa mu Febuluwale, pamwamba pa chipale chofewa chochepa, m'mawa kunja kuli zii popanda mphepo. Njere zakuda zimaoneka pa choyeracho, ndiye mumadziwa pamene mwadutsa. Dzuwa likawala zimatenthedwa pang'ono n'kuboola chipalecho, ndipo dothi likamauma gwa usiku n'kusungunuka masana, limang'ambika timing'alu n'kuzimeza lokha pa kuya koyenera.

Sakanizani mbewu ndi utuchi wonyowa pang'ono, mchenga kapena mankhusu a mpunga, kuti zichuluke m'manja. Gawani pawiri. Theka loyamba wazani mukuyenda kuchokera kumpoto kupita kum'mwera, monga mmene amayi amawazira mawere. Theka lachiwiri yendani mopingasa. Muzivundula chidebecho pafupipafupi chifukwa njere zolemera zimathawira pansi. Ngati malo ndi aakulu, maofesi ena osamalira zachilengedwe a m'maboma ang'onoang'ono ndi nthambi za Pheasants Forever amabwereketsa makina ofesera amene ali ndi bokosi la mbewu zaubweya. Atchereni kuti asakwirire kupitirira theka la sentimita. Mukamayenda pambuyo pake muziona njere zina zili pamtunda. Mukapanda kuona ngakhale imodzi, imani, mwamiza. Mukafesa ndi manja dothi lili lofewa, tsindirani ndi chogudubuza kapena matayala, koma osakwirira ndi khasu. Pamalo otsetsereka onjezani oats, mbewu yonga tirigu, pang'ono kuti agwire dothi mvula ikagwa.

Chachisanu: tchetchani zimene mwafesa

Chaka choyamba munda wanu udzaoneka ngati wa munthu waulesi. Foxtail, ragweed, velvetleaf ndi abale a bonongwe zidzadzaza ponseponse. Bambo wina wachikulire woyandikana nafe anaima pa mpanda tsiku lina mu Julaye n'kundifunsa mwaulemu ngati ndikufuna andibwereke thalakitala kuti ndingolimapo. Ndinawatengera m'munda, tinagwada, ndinapatula udzu. Pansi pake panali timbande ta coneflower ta masamba atatu, totalika ngati chala, ndi ka little bluestem kopyapyala ngati ulusi. Zomera zimenezi zimayamba ndi kumanga mizu. Ya big bluestem imatha kuzama mamita awiri n'kupitirira, ya compass plant kuposa pamenepo, ndipo compass plant angathe kukhala zaka zingapo asanaonetse duwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chimene timbandeti tikusowa ndi dzuwa. Zomera zikafika m'mawondo, tchetchani mpaka zitsale masentimita 10 mpaka 15. Zikafikanso m'mawondo, tchetchaninso. Kawirikawiri ndi katatu kapena kanayi kuchokera Juni mpaka kumayambiriro kwa Sepitembala. Musadikire zifike m'chiuno, chifukwa zotchetchazo zidzaunjikana n'kufooketsa timbande. Inde, mudzadula mitu ya black-eyed Susan ndi partridge pea zimene zayamba kuchita maluwa, ndipo zimapweteka mtima, koma zimaphukiranso. Kuzula ndi manja lekani, poti muzu wa chomera chachikulu umatuluka ndi timbande tisanu. Chaka chimenechi musadandaule za zisa. Malo otchetchedwa pafupipafupi mbalame siziikiramo.

Chaka chachiwiri kwezani mpeni mpaka masentimita 30, ndipo tchetchani kamodzi kapena kawiri, pokhapokha pamene zosafunika zachuluka. Maso anu akhale pa Canada thistle, sweet clover, wild parsnip ndi timitengo tomera tokha. Izi thanani nazo chimodzichimodzi zisanabale njere. Wild parsnip mugwire mutavala magolovesi ndi malaya a manja aatali, chifukwa madzi ake akakhudza khungu padzuwa amatulutsa matuza. Ragweed wochepa musamude. Njere zake zinziri zimazikonda kwambiri, ndipo pansi pake ndi poyenda anapiye.

Ngati muli m'tauni, funsani za lamulo la kutalika kwa udzu musanafese. Tchetchani kamzere koyera kuzungulira malowo ndi kuikapo kachikwangwani, kuti odutsa adziwe kuti mwachita dala.

Moto, ndi zaka zotsatira

Pofika chaka chachitatu kapena chachinayi zinyalala za udzu wakufa zimakhala zitaunjikana pansi, tinjira ta anapiye tatsekeka, ndipo njuchi zokumba pansi zikusowa dothi loyera. Prairie inakula ndi moto. Eni dziko akale ankaitentha dala. Amene tinakulira kumene lupsa limaphuka msipu wobiriwira sitidabwa nazo. Kusiyana kwake n'kwakuti moto wa kuno si uja wa osaka mbewa woyatsa n'kuchokapo. Mumalambula njira yotchinga moto kuzungulira, mumatenga chilolezo kumene chikufunika, mumadziwitsa ozimitsa moto ndi anansi, mumaona mphepo, ndipo mumakhala ndi anthu odziwa ntchitoyi ndi madzi okwanira. Koyamba musayatse nokha.

Musatenthe malo onse chaka chimodzi. Gawani patatu, muzitentha gawo limodzi pachaka, kuti mazira a agulugufe ndi njuchi zogona m'mapesi zipulumuke m'magawo enawo, ndiponso thadzi lipeze udzu wakale woikiramo. Moto wa kumapeto kwa Epulo umalimbikitsa udzu wautali ndi kufooketsa brome. Moto wa mu Novembala umakomera maluwa. Mukaona udzu wayamba kupambana, sinthirani ku wa Novembala. Kumene moto ndi woletsedwa, tchetchani gawo limodzi n'kuchotsa udzuwo ndi cheka kapena kuumanga mitolo.

Kuyambira chaka chachitatu, pakati pa 15 Meyi ndi 1 Ogasiti makina asalowe. Ndiyo nyengo imene boma linaika kuno ku Iowa yotetezera zisa m'minda ya ndondomeko ija, ndipo ndi bwino tonse kuitsata. Thadzi la pheasant limaikira mazira 10 kapena 12, limafungatira masiku pafupifupi 23, ndipo anapiye ambiri amaswa chapakati pa Juni. Likamva makina silithawa msanga, limakakamira pa mazira. Kwa zinziri onjezani kathengo ka zitsamba m'mphepete, monga wild plum kapena dogwood, poti sizikonda kutalikira pothawira.

Nyengo yozizira ikafika, mapesi ouma asiyeni ali chiimire. Mitu ya coneflower ndi mpendadzuwa wa m'tchire imadyetsa timbalame mpaka Febuluwale, ndipo mukathyola phesi limodzi la bergamot kapena goldenrod n'kuling'amba mosamala, nthawi zina mupeza timazipinda tondondozana, m'kati mwa kalikonse muli kamwana ka njuchi kakugona. M'mawa wotsatira kugwa kwa chipale chofewa, yendani m'mphepete mwa switchgrass muwerenge mapazi: a pheasant ndi zala zitatu zazikulu pa mzere umodzi, a zinziri ndi ang'onoang'ono ambirimbiri, ochokera pamalo amodzi ozungulira pamene gulu lonse linagona michira pamodzi, mitu kuyang'ana kunja. Lembani pamene mwawapeza, ndipo gawo limenelo musalitenthe chaka chimenecho.